Malo a Ketilina ku Chidikiro

Lolemba, 13 Januwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga la chipinda chinacho layambanso kudontha pakona, ndaikapo beseni. Chipinda chopanda munthu koma chondipatsa ntchito.

Ku kiliniki anthu ngati pamsika. Kowatemu, mankhwala a malungo aja, watha, mwezi usanafike ndi pakati pomwe. Asisita Hazel akhala akulembera odwala malungo timapepala toti akagule mankhwala ku Chipata, ngati kuti Chipata ili kuseri kwa mpandawu. Bambo wina analandira kapepala kake, n'kukapinda bwinobwino, n'kufunsa ngati akaviike m'madzi kapena angokatafuna. Anthu anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Masana kunabwera a Matiyasi, apampando a komiti ya zaumoyo. Sanafune n'kukhala pansi komwe. Akuti Lachiwiri la sabata yamawa kukhale msonkhano wa midzi yonse, nkhani yake anthu a ku Malawi amene amadutsa malire kubwera ku kiliniki kuno. Chawapweteka kwambiri ndi chidikiro, komwe amayi apakati amadikirira tsiku lawo. Tamiwe, mwana wa mlongo wawo, anafika Loweruka ndipo akugona pakhonde chifukwa m'kati mwadzaza. Akuti njerwa za nyumba ija inaumba ndi midzi ya kuno, mchenga anasenza ndi amayi a kuno, lero mwana wa kuno akugona ndi achule.

Ati ine monga mlembi wa komiti ndikabwere ndi manambala. "Inu munafika ku yunivesite, amadamu, anthu akakumverani." Zaka ziwiri ndili kuno, sindikukumbukira tsiku limene munthu anandimverapo.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndinapita kukadzionera ndekha. A Matiyasi sakunama. Mabedi onse ali ndi anthu, pansi mphasa zagundana, ndipo pakhonde amangapo pulasitiki wakuda wotchinga mphepo. Tamiwe ndinamupeza atakhala atatambalala, mapazi otupa, akuthamangitsa nkhuku ndi kamtengo. Ndinamufunsa ngati akugona bwino, anangoti "tikugona."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayiwa ali ndi dongosolo lawolawo. Amene tsiku lake layandikira amagona pabedi, pafupi ndi chitseko. Wofika kumene amayambira panja, n'kumasunthira m'kati ena akamachira. Za dziko safunsana. Ndinaima pamenepo ndi kabuku kanga ngati wapolisi, kufunsa aliyense mudzi wake. Ena ankayamba ayang'anizana asanayankhe.

Mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu, sanadikire n'komwe kuti ndimufunse. Anati iwo ndi a kwa Mphanda, tsidya lija la malire, ndipo ndilembe bwino chifukwa sakubisala. Dzina lawo a Felesita. Akudikirira mwana wawo Ketilina, mimba yoyamba, kamtsikana kamanyazi kosayang'ana munthu kumaso. Akuti chipatala cha kwawo chili kutsidya la mtsinje, ndipo mtsinjewo ukadzaza ngakhale ng'ombe zimabwerera. Kuno amangodutsa m'minda basi.

Ndikuchoka anandithamangira ndi foni yosweka galasi. Akuti amva kuti kunyumba kwa adokotala kuli sola yotchajira. Ndinawauza kuti si ndine dokotala, ntchito yanga ndi ya zitsime, zimbudzi ndi malipoti. Anati onse ovala nsapato mvula ikugwa ndi madokotala.

Foniyo ili pathebulo pano. Yalira kangapo. Yanga ili duu.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndamaliza kuwerengera. Mwa anthu atatu alionse amene tinawaona chaka chatha, mmodzi ndi wa tsidya lija, ndipo amenewo ndi okhawo amene ananena zoona. Mankhwala boma limatumiza poona chiwerengero cha midzi yathu yokha. Ndiye akamatha msanga palibe chodabwitsa.

Ndinkafuna manambalawa atuluke mwina. Ndinabwereza kuwerengera, ngati mwana amene akudziwa kuti walakwa mayeso.

Lachisanu, 17 Januwale

Anthu a komiti anakumana pang'ono kukonzekera msonkhano. Mkangano unali woti a ku Malawi tiziwadziwa bwanji, poti chilankhulo n'chimodzi, maina ndi omwewo, a Banda kuno a Banda uko. Wina anati tizifunsa reji, chiphaso cha unzika chija. Asisita Hazel anati tikatero tibweza theka la atsikana a kuno, chifukwa ambiri sanatengebe reji. Wina anati tiziona mafoni, amene ali ndi simu ya ku Malawi ndi yemweyo. Ndinayang'ana pansi. M'foni mwanga muli simu ya ku Malawi, chifukwa kunyumba kwanga ndi netiweki yokhayo imene imagwira osakwera pachulu. Ndikukhulupirira kuti theka la komiti linayang'ananso pansi.

A Matiyasi anadula nkhani. Ati palibe chovuta, aliyense wofuna malo ku chidikiro azibwera ndi munthu wa komiti wa m'mudzi mwake womuchitira umboni. Mudzi umene sunaumbe njerwa ulibe munthu m'komiti.

N'zanzeru, ndiyenera kuvomera.

A Felesita anabweretsanso foni madzulo. Anaima pakhomo n'kusuzumira m'nyumba, n'kufunsa ngati anthu onse a m'nyumba muno anapita ku maliro.

Loweruka, 18 Januwale

Lawrence, chibwenzi changa, sanabwere. Akuti pa Mwami, pamalire pomwe amagwira ntchito, malole achuluka, mapepala a kasitomala wake akanidwa, sangachoke. Mwina n'zoona. Mwezi wathawu zinalinso zoona.

Nkhuku ndinali nditapha kale. Ndinadya chiwalo chimodzi nditaimirira, kenako ndinaona kuti iwonongeka, ndiye ndinanyamula poto yense kupita naye ku chidikiro. A Felesita anavundukula, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti nkhuku yokazinga chonchi sinaphikidwire amayi apakati, ilipo mbuzi ina imene yaphonya msipu. Amayi onse anaseka mpaka wina anagwira mimba. Ndinaseka nawo, nkhope ikutentha.

Anaigawa tizidutswatizidutswa, aliyense analawa, ndi Tamiwe yemwe. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, tikusadzula nkhwani. Ketilina anandionetsa tizovala timene wasokera mwana kuchokera ku chitenje chakale. Anandifunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti awathamangitsa. Ndinati msonkhano sunachitike. Anati iye mtsinje uja amauopa kuposa kubereka.

Kuyambira pamene ndinabwera kuno, lero ndi tsiku loyamba kukhala pamphasa ya munthu popanda fomu m'manja.

Lamulungu, 19 Januwale

Kutchalitchi akatekisiti anapempherera mtendere pa msonkhano wa Lachiwiri, osatchula mbali.

Ndinaimbira amama ku Nabvutika, ku Chipata. Nditawafotokozera, anati nawonso kukiliniki ya m'tauni amaima pamzere kuyambira m'mawa chifukwa cha anthu omwewo, ndipo ine ndisalowerere, ndine mlendo kumudziko, ndingowerenga zimene andituma n'kukhala pansi. Kenako anayamba za ukwati wa mwana wa aneba.

Ndakonza zokanena. Mbali ziwiri. Yoyamba, manambala monga alili, osabisa. Yachiwiri, kuti vuto si anthu okha koma kawerengedwe, tilembere akuluakulu ku Chipata kuti mankhwala azibwera molingana ndi anthu amene timawaonadi, ndipo midzi ya tsidya lija tiipemphe iumbe njerwa mvula ikatha, tiwonjezere chipinda. Pakadali pano amene ali m'chidikiro atsale mpaka achire.

Ndayeserera kunena mokweza, kukhitchini. Mawu anga akumveka ngati a mwana wa sukulu. Komanso ndikudzifunsa, kodi ndikanaganiza zonsezi a Felesita akanapanda kundiseketsa dzulo? Tamiwe sanandiseketsepo. Mwina n'chifukwa chake khonde lake silikundipweteka mokwanira.

Lachiwiri, 21 Januwale

Zatha. Ndilembe mmene zayendera ndisanayambe kudzikometsera.

Anthu anabwera ambiri, mpaka tinasamukira m'kalasi ya pasukulu chifukwa cha mvula. A Matiyasi anayankhula bwino, mosakalipa. Anati alibe chidani ndi munthu, agogo awo enieni anaikidwa tsidya lija. Koma mbale ya ana anayi ukaitanirapo ana khumi, sunathandize aliyense, wangogawa njala. Anakumbutsa anthu chaka chimene ankaumba njerwa, mmene amayi ankatungira madzi kudambo dzuwa lili pamutu. Anati a ku Malawi ali ndi boma lawo, ndipo tikamawalandira mwakachetechete boma lawolo silidzamanga mlatho.

Mayi wina, a Lusiya, anaimirira n'kunena kuti amuna awo ndi mkamwini wochokera tsidya lija ndipo anaumba nawo njerwa, ndiye alongo awo a bamboyo akabwera tiziti njerwa zake ndi ziti? Wina kumbuyo anakuwa kuti akamwini amaumba njerwa ndi pakamwa. Kunali phokoso. Aphunzitsi ena anati kolera ikabuka kwa Mphanda sidzafunsa reji podutsa m'minda, kuli bwino anthuwo tiziwaona. Bambo wina anayankha kuti mwana wake anadwala malungo sabata yatha n'kupatsidwa kapepala, ndiye aphunzitsiwo akamuuze mwanayo za kolera. Wina anati ifenso timapita kukagayitsa ndi kukagula mbewu konko. Anamuyankha kuti kuchigayo timalipira.

Kenako a Matiyasi anati alembi atiuze. Ndinaimirira, mapepala ali m'manja. Ndisanayambe anandifunsa kuti ndiyankhe chimodzi chokha, kuti anthu amve bwino.

"Mankhwala amene boma limatumiza kuno, limawerengera anthu a kwa Mphanda?"

"Ayi."

"Nanga pa anthu amene amalandira, a tsidya lija ndi angati?"

Ndinanena. M'kalasimo munamveka kung'ung'udza ngati njuchi. A Matiyasi anati zikomo amadamu, mwatithandiza. Ndinati pali mbali ina, koma ndikuganiza kuti ndinanena chamumtima, kapena motsitsa kwambiri, chifukwa palibe anatembenuka. Ndinaima kanthawi. Kenako ndinapezeka ndakhala pansi. Palibe anandikhazika.

Anakweza manja. Ambiri ndithu. Chigamulo n'chakuti pofika Lachisanu a tsidya lija akhale atatuluka m'chidikiro. Asisita Hazel ananenetsa kuti m'chipinda chochirira sabweza munthu, wobwera mimba itawawa amulandira kaya achokere kumwezi. Anthu anavomera. Koma chidikiro n'cha midzi, iwo alibe nacho mawu.

Ndipo chigamulocho ndalemba ndine, ndi dzanja langa, m'Chichewa chabwino.

Potuluka ndinaona a Felesita ataima pawindo panja, chitenje kumutu, atanyowa. Sindikudziwa anafika nthawi yanji.

Lachitatu, 22 Januwale

Foni sinabwere kudzatchajidwa.

Amayi a tsidya lija ayamba kumanga katundu. Ambiri ali ndi kolowera, wina kwa azakhali ake kuseri kwa sukulu, wina kwa mlamu wake. Azidzabwera mimba ikawawa. Ketilina alibe wachibale kufupi kuno. Asisita Hazel anamuyeza m'mawa, akuti mwana watsika, nkhani ya masiku ochepa, ndipo chiuno chake n'chaching'ono, safuna kuti ayambire kutali. Ndinawafunsa ngati sangamugoneke m'wodi. Anati mabedi a m'wodi ndi a ochira, akayamba kugonekamo odikira ndiye kuti wochira azigona kuti? Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, Nomsa, dzulo unali ndi mapepala awiri.

Tamiwe walowa m'kati, wapeza bedi la pawindo. Ndinasangalala nditamuona, zoona, mapazi aja anafunika kukwezedwa. Koma iye sakuyang'ana aliyense. Ndinamva akuuza mnzake kuti sanatume munthu kuti akamuyankhulire.

A Felesita ndinakumana nawo pamjigo. Ndinawapatsa moni, anayankha bwinobwino, mwaulemu wonse, ngati kwa munthu wa boma. Bola akanandinyoza.

Lachinayi, 23 Januwale

Mvula usiku wonse ndi tsiku lonse. Anthu ochokera kumunsi akuti madambo onse asefukira.

Ndakhuthula beseni kawiri. Ndinaima m'chipindamo nthawi yaitali. Muli makatoni a mabuku a ku yunivesite, njinga yakufa, ndi matiresi amene ndinagulira amama, omwe sanabwerepo.

Ndikamusunga Ketilina muno, komiti idzati ndanyoza chigamulo. Mwina idzakhala ikunena zoona. Komanso bwanji Ketilina yekha, ena aja ndawachitira chiyani? Ndasesamo basi.

Lachisanu, 24 Januwale

Ndinapita m'mamawa ndisanasinthe maganizo. Ndinawapeza atamanga kale mitolo, ndowa, mphasa, kambaula. A Felesita anati akudikira kuti mvula ikateko ayambepo, akafika kwa Mphanda Mulungu adziwa yekha. Ndinanena mothamanga, ngati ndikuwerenga chilengezo, kuti kunyumba kwanga kuli chipinda, kiliniki ili pafupi kuposa chidikiro, akhoza kukhala mpaka mwana abadwe ndi kulimba.

Ndinkayembekeza kuti athokoza, kapena akana chifukwa cha mkwiyo. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anauza Ketilina kuti adikire, n'kundikokera kuseri kwa khitchini, kumene kulibe anthu.

"Ndifunse mwana wanga, usakwiye. Kunyumba kwakoko kumagona abambo?"

Ndinati ndimakhala ndekha. Anati zimenezo akudziwa, afunsa ngati kumabwera wogona. Anafotokoza mosapsatira kuti khanda limabadwa lozizira, ndipo nyumba imene mwamuna ndi mkazi akukhalira pamodzi ndi yotentha, mwana angatsempheke, n'kuyamba kutupa. Ngakhale mchere wa m'ndiwo za Ketilina sungathiridwe ndi munthu wotero. Ku chidikiro analibe nkhawa chifukwa kulibe amuna. Kunyumba ya mtsikana wapantchito, sangangolowa osafunsa.

Ine amene ndimaima pa sikelo mwezi ndi mwezi kuphunzitsa amayi kuti mwana akatupa ndi kuperewera kwa zakudya, osati tsempho. Mawu onse a phunzirolo anali pakamwa. Ndinawameza.

"Palibe amabwera, amayi."

"Uja wa nkhuku uja?"

"Sabwera."

"Kuyambira liti?"

Ndinaganiza. Ndinati kuyambira tisanabzale. Pamene ndinkanena m'pamene ndinazimva bwino ndekha. Chimanga chija pano chili m'chiuno.

A Felesita anagwedeza mutu mokhutira, ngati munthu amene wagogoda mphika pamsika n'kupeza kuti ulibe mng'alu. Anati basi, nyumba yabwino imeneyo, yoteroyo ndi yosowa masiku ano. Koma akadzati abwere, ndimuuze kuti adikire mpaka mwana atatuluka chikuta. Ndinati chabwino. Ndinafuna kuseka, ndinafunanso kulira, ndiye ndinangosenza ndowa.

Tinadutsa pamaso pa amayi onse. Tamiwe ndi amene ananyamula kambaula mpaka pampanda, n'kukasiya pamenepo.

Masana a Matiyasi anadutsa panjinga atamangirira chakudya cha Tamiwe. Ataona Ketilina pakhonde panga anatsika. Anandipatsa moni, n'kufunsa ngati awa ndi alendo anga. Ndinati inde. Anati chigamulo ndinalemba ndine. Ndinati chigamulo chikunena za chidikiro, ndipo ndili ndi mbali yachiwiri imene sindinawerenge Lachiwiri, ndikupempha kuti komiti ikakumana ndidzaiwerenge yonse. Mawu anatuluka, ndipo anawamva.

Anayang'ana nyumbayo kuyambira kudenga mpaka pansi.

"Mudzawerenga. Koma mbiri ikafika kwa Mphanda kuti kwa amadamu kuli malo, mwezi wamawa adzabwera asanu. Muli ndi zipinda zingati?"

Ndinati chimodzi. Anati ndi zomwezo zimene iwo akhala akunena, n'kukwera njinga.

Sindikudziwa ngati ndawayankha kapena andiyankha ndi iwo.

Pano ndikulemba pathebulo koma malo achepa, pali mafoni awiri, ufa wa phala, ndi tizovala tija. Makatoni a mabuku atulutsidwa, ali pakhonde. Mchere wanga a Felesita autenga, akuti uzikhala kwa iwo. Ketilina wagona pabedi langa chifukwa matiresi aja agwira chinyezi, ndipo akupuma mokweza moti ndikumumva kuno.

A Felesita akuitana kuchokera kuchipinda. Akuti iwe Nomsa, siya zolembalembazo, udzagwire mbali inayi titulutse matiresiwa panja dzuwa lisanabisalenso.